Funsani Asayansi: Zingwe za Kuthambo Zinabadwa Bwanji Chilengedwe Chikuzirala?

Makalata a mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi, ya zingwe za kuthambo zimene asayansi amazitcha cosmic strings. Tineneretu kuti palibe munthu amene anachionapo chingwe chotere kuthambo. Zimene zilipo ndi masamu ake, zoyesa za mu labotale, ndi malire a kulemera kwake amene makina athu aika.

Akonzi, ndine wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite ku Zomba. Ndawerenga kuti chilengedwe chitangoyamba chinazirala n'kusiya "zingwe". Chingwe chimenechi n'chopangidwa ndi chiyani, ndipo kuzirala kungabale bwanji chingwe?

Tiyambe ndi kuzirala, chingwe tichipeza kutsogolo. Chitsulo chikatentha kupitirira madigiri 770 chimataya umaginito. Atomu iliyonse ya chitsulo ili ngati kamaginito, koma kutentha kumawagwedeza maatomuwo mpaka iliyonse iloze kwake. Chikazirala kutsika pa 770, maatomu oyandikana amayamba kumvana n'kuloza kumodzi. Kusintha kwa mtundu umenewu, pachibale ndi kuundana kwa madzi, ndi kumene kumatchedwa phase transition. Onani kuti chitsulo chonse sichisankha mbali imodzi. Chigawo ichi chiloza uku, icho chiloza uko, ndipo pakati pawo pamatsala malire.

Chilengedwe nacho chili ndi zinthu zimene zimasankha motere, zotchedwa ma field. Field imakhala paliponse, ngakhale pamene palibe atomu ndi imodzi yomwe, ndipo pamalo aliwonse ili ndi kukula kwake, nthawi zinanso ndi kumene ikuloza. Mu 1972 David Kirzhnits ndi Andrei Linde a ku Moscow anasonyeza kuti kutentha kokwanira kumabwezera field yotere pa ziro, monga chitsulo chija chimatayira umaginito. Ndiye chilengedwe, chimene chinayamba chotentha kwadzaoneni, chinayenera kuwoloka malire angapo otere pozirala.

Imikani munsi chilili pabwalo. Uli chiimire, mbali zonse n'zofanana kwa munsiwo, ndipo kufanana kumeneko ndiko symmetry. Koma suima nthawi yaitali. Ugwa, ndipo ukagwa uloza mbali imodzi imene palibe anaisankha, mwina kamphepo chabe. Munsi woimirira uli ndi mphamvu yochuluka kuposa wogona. Tsopano yerekezani kuti pamalo paliponse m'chilengedwe paima munsi, ndipo uliwonse wamangidwa ndi mphira ku inzake yoyandikana nayo, kotero kuti yoyandikana imafuna kugwera kumodzi.

Apa ndi pamene Tom Kibble wa ku Imperial College ku London analowera mu 1976. Mfundo yake inali yakuti uthenga suthamanga kuposa kuwala. Kusintha kumene ambiri amakuganizira pa nkhaniyi kukanachitika chilengedwe chili ndi msinkhu wa pafupifupi sekondi 10⁻³⁶, ndiko kuti sekondi imodzi itagawidwa ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 36, pa kutentha kwa madigiri cha m'ma 10²⁸. Pa nthawi yochepa chonchi kuwala kumayenda mamita 3 × 10⁻²⁸ okha, mtunda wochepa kuposa proton, kachidutswa ka pakati pa atomu, maulendo opitirira thiriliyoni. Minsi yotalikirana kuposa apo inalibe njira yopanganira. Chigawo chilichonse chinagwera kwake.

Tengani zigawo zitatu zokumana pamalo amodzi, ndipo mbali zogwera tiziwerenga ngati maola a pa wotchi ya pakhoma. Choyamba chagwera pa 12, chachiwiri pa 2, chachitatu pa 4. Mphira uja azikoka mpaka zonse zikumane cha pa 2, nkhani yatha. Koma zikagwera pa 12, pa 4 ndi pa 8, zinthu zimasintha. Pakati pa choyamba ndi chachiwiri minsi imapotoka modzera njira yachidule, 12, 1, 2, 3, 4. Pakati pa chachiwiri ndi chachitatu imachoka pa 4 kufika pa 8, ndipo potseka imachoka pa 8 kubwerera pa 12. Munthu wozungulira pokumanirapo waona maola onse a pa wotchi, kuzungulira kumodzi kwathunthu. Achepetse bwalo limene akuzunguliralo, kuzungulira kuja sikungatsike kukhala theka kapena kota, monga chingwe cha mbuzi chikakulunga chikhomo sichimasuka pochikoka. Pakatikati penipeni pali munsi umene inzake ikuukokera mbali zonse mofanana. Umenewo sugwa. Umatsala chilili ndi mphamvu yake yonse ya nthawi yotentha ija. Zigawo zitatu zikasankha mwachisawawa, mwayi woti izi zichitike ndi umodzi pa inayi.

Pabwalo lafulati munsi wosagwawo ndi kadontho. M'chilengedwe, chimene chilinso ndi pamwamba ndi pansi, madontho otere amasanjikizana n'kukhala mzere, ndipo mzerewo ndiwo chingwe. Choncho chingwe sichopangidwa ndi maatomu. Ndi kamzere ka chilengedwe chakale kamene katsekeredwa pakati pa chatsopano. Mu mtundu wosavuta wa masamuwa sichikhala ndi nsonga, chimatseka ngati nkhata kapena kupitirira mpaka kupyola kumene tingaone. Tanmay Vachaspati ndi Alexander Vilenkin atayesa izi pa kompyuta mu 1984 anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a utali wonse amakhala m'zingwe zazitali zosatha, otsalawo m'nkhata.

Kuonda kwake ndi cha m'ma mamita 10⁻³¹. Kulemera kwake kumadalira kutentha kumene chinabadwira, ndipo kumalembedwa ndi nambala yotchedwa Gμ, yotchulidwa ji-myu. Pa Gμ ya 10⁻⁶, mita imodzi ya chingwe imalemera makilogalamu opitirira 10²¹, ndiye kuti chidutswa chosakwana makilomita asanu chikufanana ndi dziko lonse lapansi. Chingwechi n'chokungika kwambiri, kukungika kwake kukufanana ndendende ndi mphamvu imene ili m'mita iliyonse, choncho chikapindika chimadziwongola pa liwiro loposa theka la liwiro la kuwala.

Ndimaphunzitsa Physics pa sekondale ina ku Kasungu. Tilibe labotale yoti n'kuitchula. Pali njira yoonetsera ana zimenezi?

Ilipo, aphunzitsi, ndipo ndi yomweyo imene Vachaspati ndi Vilenkin anaipatsa kompyuta. Mufunika pepala la timabokosi, kathumba, ndi zitsekerero zitatu za mabotolo zolembedwa mkati 12, 4 ndi 8.

Gulu lililonse lijambule madontho 11 m'litali ndi 11 m'lifupi. Madontho akhala 121, timabokosi 100. Pa dontho lililonse mwana apise m'thumba, alembe nambala imene yatuluka, abwezere chitsekererocho, asakanize. Dontho lililonse likuimira chigawo chimene chinasankha chosamva za chinzake. Akamaliza, azungulire kabokosi kalikonse motsata kayendedwe ka wotchi, kuyambira pa ngodya ya pamwamba kumanzere. Kuchoka pa 12 kupita pa 4, pa 4 kupita pa 8, kapena pa 8 kupita pa 12 ndi +1. Kubwerera m'mbuyo ndi −1. Nambala zikafanana ndi 0. Aphatikize masitepe anayiwo.

Yankho limatuluka 0, +3 kapena −3 basi. Pamene patuluka +3 padutsa chingwe choloza mbali imodzi, pa −3 choloza mbali inayo. Masamu akuti timabokosi 8 pa 27 tikhala ndi chingwe, ndiye kuti pafupifupi 30 pa pepala lililonse, theka uku theka uko. Gulu lina lipeza ocheperapo, lina ochulukirapo, koma mukaphatikiza magulu khumi muyandikira 296 pa 1,000.

Mwana akapeza 1, 2 kapena 4 walakwitsa, ndipo kawirikawiri cholakwa chimakhala pa sitepe ya 12 kupita pa 4, kapena 4 kupita pa 12. Ana amaona 12 kupita pa 4 ngati kutsika chifukwa nambala yachepa, kuiwala kuti tili pa wotchi. Cholakwa china ndi kusabwezera chitsekerero m'thumba, kumene kumachulukitsa zingwe chifukwa madontho otsatana sangafanane. Chachitatu ndi kusintha kazunguliridwe pakati pa pepala.

Gawo lokoma lili kumapeto. Tengani bokosi la choko, lembani nambala zotoledwa m'thumba pa ngodya zake zisanu ndi zitatu, ndipo zungulirani nkhope iliyonse mwa zisanu ndi imodzi mukuiyang'ana kuchokera kunja. Mukaphatikiza zonse mupeza 0 nthawi zonse, chifukwa m'mphepete uliwonse mwauyenda kawiri, kupita ndi kubwerera. Tanthauzo lake n'lakuti chingwe chilichonse cholowa m'bokosi chimatulukanso. Ana adzionera okha chifukwa chake chingwe chilibe nsonga.

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Ndirande. Chitsulo chozirala msanga chimatuluka chosiyana ndi chozirala pang'onopang'ono. Kodi liwiro la kuzirala lili ndi gawo pa zingwezi? Nanga zimenezi anaziyesapo, kapena ndi za pa bolodi chabe?

Bambo, mwalasa pamene Wojciech Zurek wa ku Los Alamos analasa mu 1985. Mfundo ya Kibble ya liwiro la kuwala imangonena kukula kumene zigawo sizingapitirire. Kukula kwenikweni kumadalira kasinthidwe.

Kusintha kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina kumayamba ndi matuza, monga madzi akamawira m'poto. Thuza lililonse la chilengedwe chatsopano limabadwa ndi mbali yake, limakula, ndipo chingwe chimatsekeredwa pamene matuza atatu akumana. Apa kukula kwa zigawo ndi mtunda wa pakati pa matuza. Kwina kumachitika mosalala paliponse nthawi imodzi, ndipo kumeneku ndi kumene Zurek anakufufuza. Field ikayandikira malire a kusintha imachedwa kwambiri kuyankha. Zigawo zogwirizana zimafuna kukula, koma nthawi yoti zimvane nayo imatalika, mpaka kuzirala kumazisiya m'mbuyo. Kukula kumene zinali nako pa mphindi yosiyidwayo ndiko zimawoloka nako. Mu masamu osavuta, mukachedwetsa kuzirala maulendo 16 zigawo zimakula kawiri, ndipo utali wa zingwe m'malo omwewo umatsika kanayi. Mu helium-4, mtundu wa mpweya wa helium woziziritsidwa mpaka kusanduka madzi, kuchedwetsa maulendo 8 kukwanira. Kuzirala msanga kumabala zigawo zazing'ono ndi zingwe zambiri, monga chitsulo chanu chozirala msanga chimakhalira ndi timibulu ting'onoting'ono mkati. Lamulo lonseli limatchedwa Kibble-Zurek mechanism.

Zingwe za mu labotale zinadziwika kale Kibble asanalembe. Alexei Abrikosov anasonyeza mu 1957 kuti mu ma superconductor ena, zinthu zimene magetsi amayendamo popanda chowatchinga, mphamvu ya maginito imalowa ngati timaulusi, kalikonse kanyamula muyezo umodzimodzi. Mawaya a niobium-titanium a m'makina a MRI a kuchipatala amadzaza ndi timaulusi timeneti akamagwira ntchito. Holger Nielsen ndi Poul Olesen a ku Copenhagen analemba masamu ofanana nawo a ma field a tizidutswa ta atomu mu 1973. Chimene chinatsala kuyesa n'chakuti kodi kuzirala kokha kungabale zingwe.

Yankho loyamba looneka ndi maso linachokera ku liquid crystal, mtundu wa madzi amene ali m'magalasi a makakyuleta. Mu 1991 Isaac Chuang, Ruth Durrer, Neil Turok ndi Bernard Yurke anapanikiza madzi otere mwadzidzidzi kuti awoloke malire, ndipo pa maikulosikopu panaoneka maulusi opiringizana, akudulana, akulumikizana, akuchepa ndi nthawi.

Za helium-4 zinavuta, ndipo n'zophunzitsa. Helium-4 imasanduka superfluid, madzi oyenda opanda chowagwira, pa madigiri 2.17 pamwamba pa ziro weniweni, kuzizira kumene sikungapitiriridwe, ndipo zingwe zake ndi timakamvuluvulu toonda kwambiri. Gulu la ku Lancaster ku England linamasula helium wopanikizidwa m'timagawo tochepa ta sekondi kuti awoloke malirewo, ndipo mu 1994 linalengeza kuti lapeza timakamvuluvulu tambiri. Atakonzanso chipangizo chawo kuti madzi asamayende mkati pomasula, mu 1998 sanapeze kanthu. Toyamba tija tinabadwa ndi kuvunduka kwa madzi, osati ndi kusintha. Vuto limeneli lili pa kuyesa kulikonse kwa mtunduwu, chifukwa dzanja limene likuziziritsa ndi lomwenso likuvundula.

Helium-3 inapereka njira yopanda dzanja. Mu 1996 magulu awiri, la ku Helsinki ndi la ku Grenoble, anaombera neutron, kachidutswa ka atomu kopanda magetsi, mu helium-3, mtundu wopepuka wa helium, wozizira kufika pa magawo ochepa a digiri pa 1,000 pamwamba pa ziro weniweni, ku Grenoble kutsika kuposa apo. Neutron ikagwidwa ndi helium-3 pamatuluka proton ndi tritium, mtundu wolemera wa hydrogen, ndi mphamvu ya 764 keV (keV ndi muyezo wa mphamvu za tizidutswa ta atomu). Mphamvuyo imatenthetsa kadera kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndipo kaderako kamazirala m'kati mwa pafupifupi gawo limodzi la sekondi pa miliyoni. A ku Helsinki ankazungulitsa chotengera chawo kuti timakamvuluvulu tikule n'kuwerengeka kamodzikamodzi. A ku Grenoble ankayeza kutentha kotuluka, napeza kuti gawo lina la mphamvu likusowa, lotsekeredwa m'zingwe. Kuchuluka kwake kunagwirizana ndi zimene Zurek anawerengera. Pambuyo pake lamuloli layesedwanso mu mpweya wa maatomu ozizira kwambiri ndi m'mizere ya ma ion, maatomu okhala ndi magetsi. Choncho kabadwidwe ka zingwe sikokayikitsa. Chokayikitsa n'chakuti kodi chilengedwe chinadutsa m'kusintha kwa mtundu woyenera.

Ndinamva kuti Higgs field inatsimikizika ku CERN mu 2012. Ngati ilipo ndipo inasintha chilengedwe chikuzirala, ndiye kuti zingwe zilipo, sichoncho? Wowerenga, Chipata.

Ayi, ndipo chifukwa chake chili pa maonekedwe a zosankha. Field ikakhala ndi zosankha ziwiri zokha, ngati njinga imene igwera kumanzere kapena kumanja, pamalire pamabadwa khoma. Zosankha zikakhala mkombero, ngati munsi uja, pamabadwa chingwe. Zikakhala ngati khungu la mpira, pamabadwa kadontho kotchedwa monopole. Chingwe cha mbuzi chimakola pa chikhomo, koma muchikulunge pa mpira chingotsetsereka n'kuchoka. Zosankha za Higgs field, imene imapatsa tizidutswa ta atomu kulemera, zili ngati mpira wa miyeso yochulukirapo, choncho kuzungulira kulikonse kumatsetsereka. Zingwe zimene masamu ake amalola n'zosakhazikika, zimaphwasuka.

Kusintha kwa Higgs kunachitika chilengedwe chili ndi msinkhu wa pafupifupi sekondi 10⁻¹¹, pa mphamvu ya 160 GeV (GeV imodzi ndi keV miliyoni), ndipo chifukwa Higgs imalemera 125 GeV kunali kosalala, kopanda matuza. Kwa tizidutswa totchedwa ma quark kumangana kukhala ma proton ndi ma neutron, cha pa sekondi 10⁻⁵, nakonso kunali kosalala. Kusintha kuwiri kumene tili nako chitsimikizo sikunasiye zingwe zokhalitsa. Zingwe zimafuna field ina imene sitinaipeze, monga ya masamu ophatikiza mphamvu zitatu za m'kati mwa atomu pa 10¹⁵ kapena 10¹⁶ GeV, kapena ya axion, kachidutswa kongoganiziridwa, imene inachokera pa ntchito ya Roberto Peccei ndi Helen Quinn ya 1977.

Palinso vuto la nthawi. Masamu ophatikiza aja amabalanso ma monopole, ndipo John Preskill anawerengera mu 1979 kuti akanachuluka kupitirira kulemera kwa zonse zimene tikuona. Chimodzi mwa zifukwa zimene Alan Guth anabweretsera inflation mu 1981, kufufuma kwadzidzidzi kwa chilengedwe, chinali kuwamwaza ma monopole amenewa. Koma tsache losesa ma monopole limasesanso zingwe. Kuti zingwe zitsale ziyenera kubadwa inflation ikutha kapena itatha, ma monopole atabadwa kale.

Kodi cosmic string ndi chimodzimodzi ndi string theory? Wowerenga, Mzuzu.

Mayina ndi amene akufanana. String theory imati tizidutswa ta atomu ndi timaulusi ting'onoting'ono kwambiri tonjenjemera, pamene chingwe cha Kibble ndi chilema mu field ndipo sichifuna string theory kuti chikhalepo. Pali mlatho umodzi. Edward Witten anaona mu 1985 kuti ulusi wa string theory wotambasuka kuthambo ukanakhala wolemera mopitirira zimene thambo likulola. Kuyambira 2002 Henry Tye ndi anzake, kenaka Edmund Copeland, Robert Myers ndi Joseph Polchinski mu 2004, anapeza njira zoti ukhale wopepukirapo ndi wokhalitsa. Zimenezi zimatchedwa cosmic superstrings, ndipo zimasiyana ndi za Kibble pa khalidwe limodzi lofunika, lakuti zikakumana nthawi zambiri zimangopyolana osadulana.

Ngati makilomita asanu akulemera ngati dziko lapansi, bwanji zingwezi sizinameze chilengedwe chonse? Ndipo china chitadutsa pafupi sichingatikoke? Mayi wa ku Lilongwe.

Mayi, mantha anu oyamba ali ndi maziko. Chilengedwe chikakula kawiri mbali zonse, kuwala m'malo omwewo kumachepa ka 16, maatomu ka 8, koma zingwe zongotambasuka zimachepa ka 4 kokha. Zikanangokhala phee zikanapambana zonse. Makoma aja amachepa kawiri kokha, n'chifukwa chake Yakov Zel'dovich, Igor Kobzarev ndi Lev Okun anawakana kale mu 1974.

Chimene chimapulumutsa zingwe ndi kudulana. Ziwiri zikakumana zimaduka pokumanirapo n'kusinthana mbali, pafupifupi nthawi zonse. Chingwe chimodzi chikadzipinda n'kudzikhudza chimadula nkhata. Nkhatayo imanjenjemera, ikutaya mphamvu ngati mafunde a mphamvu yokoka, gravitational waves, mpaka kutha. Nthawi ya moyo wake ndi nthawi imene kuwala kumatenga kuyenda utali wake, kugawa ndi nambala imene imatuluka mukachulukitsa 50 ndi Gμ. Pa Gμ ya 10⁻¹⁰, nkhata yaitali mtunda umene kuwala kumayenda chaka chimodzi imakhala zaka 200 miliyoni. Mwa njira imeneyi zingwe zazitali zimadzichepetsa zokha, ndipo pa nthawi iliyonse zimatsala zowerengeka, khumi kapena makumi angapo, m'thambo lonse looneka.

Za kukoka, chingwe chowongoka sichikoka kanthu. Mu masamu a Einstein kulemera kumakoka, koma kukungika kumachotsera, ndipo pa chingwe ziwirizi zimafafanizana ndendende. Chimene chimachita ndi kuba kachigawo ka malo. Dulani pepala lozungulira, jambulani mizere iwiri yoyendera limodzi, wina kumanzere kwa pakati wina kumanja. Kutsogolo kwake dulani kachidutswa kosongoka kuchokera pakati mpaka m'mphepete, lumikizani podulapo. Pepala lasanduka chipewa chosongoka, ndipo mizere ija, ngakhale palibe waipinda, ikupita kokakumana. Kuzungulira chingwe sikukwana madigiri 360. Pa Gμ ya 10⁻⁶ pamaperewera ma arcsecond asanu, gawo limodzi pa 360 la kukula kwa mwezi wathunthu.

Zotsatira zake n'ziwiri. Mlalang'amba wa kuseri kwa chingwe umaoneka kawiri, zithunzi zofanana ndendende, zosapindika ndi zosakuzidwa, mosiyana ndi zimene mlalang'amba wina wolemera umachita ukakhala patsogolo. Ndipo chingwe chikadutsa, zinthu za mbali zake ziwiri zimayamba kuyandikirana. Cha Gμ ya 10⁻¹⁰ chitapyola dziko lathu, mbali ziwirizo zingakankhidwirane pa liwiro la pafupifupi theka la mita pa sekondi. Koma zingwe zowerengeka m'thambo lotambalala mtunda wa zaka mabiliyoni za kuwala si zoti n'kusowa nazo tulo.

Chithunzi chapawiri chinapusitsapo anthu. Mu 2003 Mikhail Sazhin ndi anzake a ku Moscow ndi Naples analengeza za CSL-1, milalang'amba iwiri yofanana mtundu ndi mtunda, yotalikirana ma arcsecond awiri. Telesikopu ya Hubble itayang'ana mu Januwale 2006 inapeza kuti ndi milalang'amba iwiri yeniyeni yoyandikana, yopanda m'mphepete wakuthwa umene chingwe chikanadula pa zithunzizo.

Kuno ku Cape Town nkhani zinati telesikopu ya MeerKAT yamva kunjenjemera kwa thambo. Ndi zingwe zimenezi? Wowerenga wochokera ku Mangochi.

Tisanafike ku MeerKAT, dziwani kuti zingwe zinagonjapo kale pa mlandu waukulu. Zel'dovich mu 1980 ndi Vilenkin mu 1981 anaganiza kuti zingwe za Gμ ya 10⁻⁶ ndizo zinasonkhanitsa milalang'amba, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri ganizoli linalimbana ndi inflation. Woweruza anali kuwala kwakale kumene kunamasuka chilengedwe chili ndi zaka 380,000. Inflation imaomba ng'oma zonse kamodzi pachiyambi, choncho mafunde a m'kuwalako amatuluka m'ndondomeko, nsonga yoyamba pa digiri imodzi ya thambo, zina zikutsatira. Zingwe zimaomba nthawi zonse, chilichonse pa nthawi yake, ndipo zimatulutsa chitunda chimodzi chophwatalala. Telesikopu ya pa chibaluni ya BOOMERanG mu 2000, kenaka chombo cha kuthambo cha WMAP, zinapeza nsonga zija. Pofika 2013 telesikopu ya kuthambo ya Planck inati zingwe sizingapitirire magawo atatu pa 100 a kusiyana kwa kutentha kwa kuwalako, ndi kuti Gμ ya zingwe zoonda siposa 1.5 × 10⁻⁷.

MeerKAT, mbale 64 za m'chipululu cha Karoo, imamvera ma pulsar, nyenyezi zakufa zozungulira maulendo mazana pa sekondi, zimene kuthwanima kwake kumafika pa nthawi yake kuposa wotchi wamba iliyonse. Funde la mphamvu yokoka likadutsa, kuthwanimako kumafulumira kapena kuchedwa ndi magawo ochepa a sekondi pa mamiliyoni khumi, ndipo funde limodzi limatenga zaka kuti lidutse. Mu Juni 2023 gulu la NANOGrav la ku North America, litamvera ma pulsar 68 kwa zaka 15, pamodzi ndi magulu a ku Ulaya, India, Australia ndi China, linalengeza umboni wa phokoso lotere. A MeerKAT anatulutsa zawo mu Disembala 2024 kuchokera ku ma pulsar 83.

Ambiri akuloza chala ma black hole aakulu, zinthu zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawako, oyenda awiriawiri pakati pa milalang'amba imene inagundana, ndipo nafenso tikuona kuti kumeneko ndi kumene umboni wapendekera. NANOGrav itayerekeza phokosolo ndi magwero ena, zingwe wamba zokhazikika za mtundu wa Kibble sizinagwirizane nalo bwino, pamene cosmic superstrings ndi zingwe zimene zimaduka pakapita nthawi zinakwanira. Zingwe wamba zatsala ndi malire a Gμ cha m'ma 10⁻¹⁰, pamene pangafunike chingwe chozungulira dziko lapansi kamodzi ndi kupitirira pang'ono kuti chilemere ngati dzikolo.

Malire amenewa ali ndi pokayikitsa pake. Amadalira kuti nkhata zimakhalitsa n'kutaya mphamvu ngati mafunde, monga makompyuta otenga chingwe ngati mzere wopanda kunenepa amasonyezera. Makompyuta owerengera field yonse, monga a Mark Hindmarsh ndi anzake, amaona nkhata zikusungunuka msanga kukhala tizidutswa. Ngati awa ndi amene akulondola, ma pulsar sakunena zambiri ndipo tibwerera ku malire a Planck. Vuto n'lakuti palibe kompyuta imene ingasunge kunenepa kwa mamita 10⁻³¹ ndi utali wa thambo pa chithunzi chimodzi.

Chimene chingalekanitse magwero awiriwa ndi kutambalala kwa phokoso. La ma black hole aakulu limachepa msanga mafunde akamafupika. La zingwe limachokera ku nkhata za misinkhu yonse kuyambira kalekale, choncho limamveka pafupifupi mofanana kuyambira mafunde a zaka mpaka a timagawo ta sekondi amene makina a pansi pano a LIGO ndi Virgo amamvera. LISA, zombo zitatu za European Space Agency zotalikirana makilomita 2.5 miliyoni zimene akukonza kuziulutsa cha m'ma 2035, idzamvera pakati pa awiriwa, ndipo ikuyembekezeka kumva zingwe zopepuka mpaka Gμ ya cha m'ma 10⁻¹⁷.